Castle ya ku Lundazi sikusowa chipuku

Pali matenda atsopano amene agwira achinyamata athu a mafoni. Akaona nyumba yakale ya zipupa zakuda ndi mazenera ang'onoang'ono, funso loyamba limakhala lakuti: "Muli chipuku?" Mukawauza kuti mulibe, nkhope zimagwa ngati mwawamana ndiwo. Matendawa afika ndi kwathu ku Lundazi, Box One Kanele. Ndamva kangapo anzanga ophunzira bwino, ena a madigiri ngati ine, akunena kuti Castle Hotel ingatchuke itakhala ndi mzukwa wakewake monga zilili nyumba zakale za alendo ku Mangalande. Akuti tingopeka kankhani: mzimayi wa diresi loyera wotsika masitepe pakati pa usiku, kapena bwana wachizungu wokhosomola m'chipinda chopanda munthu. Tikatero tijambule, tiponye pa TikTok, alendo abwere ndi madola.

Ine ndikukana. Ndinabadwira ku Lundazi, ndimaphunzitsa ana m'tauni, ndipo ndikudziwa kumene nkhani zotere zimathera zikangotuluka pakamwa.

Tiyambe ndi kumene nzeruyi yachokera. M'tauni ya Wotton-under-Edge ku Gloucestershire muli nyumba yotchedwa Ancient Ram Inn, imene amati inamangidwa mu 1145. Bambo wina, John Humphries, anaigula mu 1968 nakhalamo mpaka imfa yake, akusimbira aliyense wobwera za mizukwa imene ankati imamuvutitsa. Lero anthu amalipira kuti achezere usiku m'menemo ndi matochi ndi makina ojambulira mawu. Ku Rye kuli Mermaid Inn, yomangidwanso mu 1420, kumene ankamwera mowa achifwamba ozembetsa katundu a gulu la Hawkhurst. Alendo amasimba za amuna omenyana ndi malupanga m'chipinda ndi za mpando wogwedezeka wokha. Ku Cornwall kuli Jamaica Inn ya mu 1750, imene inatchuka ndi buku la Daphne du Maurier la mu 1936, ndipo kumeneko amati usiku kumamveka ziboda za akavalo pabwalo. Kuyambira mu 2002 pulogalamu ya pa TV ya Most Haunted inazungulira nyumba zotere, malonda n'kukwera.

Tsono onetsetsani chimene chimachitika kukacha. Mlendo amene wachezera kunjenjemera amadzuka, amadya mazira ndi buledi, amalipira, amakwera galimoto yake akuseka. Palibe wamenyedwa, palibe nyumba yatenthedwa, palibe gogo wathamangitsidwa m'mudzi. Chipuku cha Mngelezi chilibe mwini. Chimangoyenda m'khonde, kugwetsa kapu, basi. Palibe amafunsa kuti wachituma ndani.

Musaganize kuti Angelezi anabadwa opanda mantha. Pakati pa 1645 ndi 1647 munthu wina dzina lake Matthew Hopkins anayenda m'midzi ya kum'mawa kwa dzikolo kusaka mfiti, ndipo anthu oposa 100 ananyongedwa, ambiri mwa iwo amayi osauka ndi okalamba. Mu 1682 amayi atatu a ku Bideford ananyongedwa pa mlandu womwewo. Mu 1735 m'pamene nyumba ya malamulo inathetsa zopha anthu chifukwa cha ufiti. Panapita mibadwo ingapo kuti mantha aja azizire mpaka kusanduka choseweretsa chogulitsira mowa ndi zipinda. Iwo akusewera ndi phulusa lozizira. Kwathu kuno makala akali ofiira, ndiye mukufuna tiwagwire ndi manja?

Kuno mzukwa suyenda wokha. Mukangoti m'nyumba yakuti muli chinthu, funso lotsatira ndi lakuti, "Ndani wachiika?" Ndipo yankho silikhala mzungu amene anamwalira kale. Limakhala mlonda wokalamba wosalankhulalankhula, mayi wamasiye wa kanyumba kapafupi, wamalonda amene golosale yake ikuyenda bwino kuposa ya anzake, kapena wophika amene anayambana ndi mnzake pa nkhani ya ndalama.

Ndinaziona ndi maso pa sukulu ina imene ndinaphunzitsapo. Mtsikana wina anakomoka m'kalasi m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, atabwera osadya kanthu. Lolemba anzake anati waona chithunzi cha munthu kuchimbudzi. Lachitatu chithunzicho chinali chitamera mano. Pofika Lachisanu ana anali kuloza chala amayi ena achikulire amene ankagulitsa vitumbuwa pageti. Mwana wina anandiuza motsimikiza kuti, "Aphunzitsi, amayi aja maso awo ndi ofiira." Ndinamufunsa ngati agogo ake, amene aphika pa nkhuni zaka zonsezi, ali ndi maso oyera. Anangoti chete. Koma amayi aja sanabwerenso pageti. Palibe anawamenya, koma kamsika kamene kankadyetsa adzukulu awo kanathera pomwepo, chifukwa cha chipuku chimene chinabadwa ndi njala ya mwana mmodzi.

Imeneyo ndi yaing'ono. Nonse mukukumbukira chiyambi cha 2020, pamene nkhani ya opopera anthu gasi inachoka ku Chingola n'kufalikira dziko lonse pa WhatsApp. Magulu a anthu okwiya anapha anthu makumi angapo, ena ongodutsa, ena odwala misala, ena alendo osokera njira. Mu 2017 ku Malawi, ku Mulanje ndi Phalombe, mphekesera za anamapopa zinaphetsanso anthu osalakwa. Zonsezo zinayamba ndi mawu akuti "ndamva kuti." N'chifukwa chake lamulo lathu la Witchcraft Act, mutu 90 wa malamulo a Zambia, limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Lamulolo ndi la nthawi ya atsamunda ndipo lili ndi zofooka zake, koma pa mfundo iyi likuteteza agogo anu. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mlomo wa pa intaneti sutsata iwe wekha, umatsata ndi anthu amene sanagwirepo foni chibadwire.

Tsopano tiione Castle yeniyeniyo. Anaimangitsa ndi Errol Button, amene anali District Commissioner wa Lundazi. Nchito inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 ndipo inatha mu 1952. Inali nyumba yogona alendo, yomangidwa ndi njerwa motengera malinga a nkhondo akale a ku Ulaya, ya nsanja zozungulira ndi mipata pamwamba pa zipupa, m'mbali mwa damu pafupi ndi pokumanira mitsinje ya Lundazi ndi Msuzi. Mabuku a alendo amati inapatsidwa dzina lakuti Rumpelstiltskin, lochokera m'nthano imene mwana wa bwanayo ankaikonda. Mwaona? Nyumbayi ndi yaing'ono msinkhu kuposa agogo ambiri a kwa Mwase ndi kwa Magodi. Simunakhalepo mfumu ya ku Ulaya, simunamenyedwepo nkhondo ya malupanga. Ndi maloto a munthu wosowa kwawo amene anawaumba ndi dothi lathu. Ndiye ife tibwere, pa nyumba yokopera tiikepo chipuku chokopera? Kumeneko ndi kuvala jekete la salaula, n'kupitanso kukagula thukuta la mwini wake woyamba.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti Lundazi ali ndi akufa ake enieni amene sitiwatchula. Dzina la Button aliyense amalidziwa. Nanga amene anaponda dothi, kuumba njerwa, kuziwotcha ndi kuzikweza pamutu mpaka pamwamba pa nsanja anali ndani? Anachokera midzi iti? Ankalandira zingati? Pa nthawi imene munthu wakuda m'matauni a Northern Rhodesia ankagulira pa kawindo m'masitolo a azungu, kodi omanga aja analowapo m'zipinda zimene anamanga? Ana awo ndi adzukulu awo alipo, akuyenda pa msika wa Lundazi. Mayankho ali m'kamwa mwawo, ndipo chaka chilichonse ena amapita nawo kumanda.

Palinso 1964. Castle inali ndi zaka 12 zokha pamene magazi anakhetsedwa pa boma. Mpingo wa Lumpa, umene Alice Lenshina anauyambitsa ku Chinsali, unali utafalikira kwambiri ku Lundazi. Chodabwitsa n'chakuti mpingowu unakoka anthu polonjeza kuthetsa ufiti, ndipo ambiri anakapereka zithumwa zawo. Kenako unayambana ndi chipani cha UNIP pa nkhani ya makadi a chipani ndi ya amene ayenera kumveredwa. Pa 3 Ogasiti anthu a Lumpa anaukira boma la Lundazi ndi midzi yozungulira, napha anthu oposa 100. Tsiku lotsatira asilikali anafika pa mudzi wa Lumpa wa Chipoma napha anthu pafupifupi 80. Pa 7 Ogasiti, ku Paishuko, anthu 46 a Lumpa, amuna, akazi ndi ana, anaphedwa mwankhanza ndi anthu a midzi yoyandikana nayo. Pasanathe miyezi itatu, pa 24 Okutobala, mbendera yatsopano inakwera, tinavina, ndipo nkhaniyo tinaivundikira. Zikwi za anthu a Lumpa zinathawira ku Congo. Funsani ana a giredi 12 a ku Lundazi komweko ngati anamvapo dzina la Paishuko, muone mmene akuyang'anireni.

Anthu amenewo anali ndi maina, mafuko ndi minda. Ophawo ndi ophedwawo ankamwa madzi a mtsinje umodzi. Ngati pali china chimene chiyenera kutisowetsa tulo ku Lundazi, ndi chimenechi: mmene mantha ndi mphekesera zinasandutsira anansi kukhala zilombo m'sabata imodzi. Kusiya nkhani yotere n'kumakapeka mzimayi wa diresi loyera ndi chipongwe kwa akufa athu.

Ndikudziwa zimene mundiyankhe. Ena muti, "Aphunzitsi, mbiri sidyedwa, ife tikufuna nchito." Zoona, ulova ukuluma, ndipo ndili ndi ana ambiri amene ndinawaphunzitsa omwe lero akungokhala pa kona. Koma yang'anani malo amene alendo amapitako m'dziko muno. Ku Shiwa Ng'andu amapita kukaona nyumba ya Stewart Gore-Browne ndi kumva za moyo wake. Ku Chilenje House 394 amapita kukaona mmene ankakhala Kenneth Kaunda. Ku South Africa anthu amakwera bwato kupita ku Robben Island kukamva zoona zowawa. Mlendo wofuna chipuku ali nazo zambirimbiri kwawo, za zaka 500, zokhala ndi mabuku ndi mafilimu. Sangayende mtunda wa makilomita pafupifupi 180 kuchoka ku Chipata kudzaona chipuku chathu chobadwa dzulo. Chimene sangachipeze kwawo ndi nkhani ya Lundazi yosimbidwa ndi mwana wa ku Lundazi, kenako ulendo wa ku Luambe kapena ku Lukusuzi.

Ena muti, "Koma mizimu ndi chikhalidwe chathu, inu sukulu yakuonongani." Pamenepa m'pamene mwasokoneza zinthu. Mzimu wa kholo uli ndi dzina, uli ndi mbumba, umakumbukiridwa ndi ufa ndi mowa pansi pa mtengo, ndipo sautchula mwachibwana. Vimbuza wa Atumbuka, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005 pamodzi ndi Gule Wamkulu, ndi njira yochizira munthu wosautsidwa, pamaso pa abale ake, ndi ng'oma ndi nyimbo. Palibe mwa zimenezi chimene chinapangidwira kuopseza mlendo kuti alipire chipinda. Ngakhale liwu lakuti chipuku si la makolo athu: linabwera ndi anthu obwerera ku migodi ya kum'mwera, kuchokera ku liwu la Maburu lakuti spook. Amene akuteteza chikhalidwe ndi uyo wokana kuti mizimu isanduke malonda a pa foni.

Ndipo ena muti, "Ndi nthabwala chabe." Kwa iwe wojambula ndi nthabwala. Kavidiyo kako kakafika pa foni ya munthu amene mwana wake wamwalira mwadzidzidzi sabata yatha, sikakhalanso nthabwala. Kamakhala umboni. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: agogo ako nawonso ali ndi maso ofiira, nawonso amalankhula okha akamasenda nsawawa.

Sindikuletsa nthano zoopsa. Tinakulira nazo pa moto madzulo, ndipo magazini ino ikufunika olemba amene angatiimitse tsitsi. Lembani, koma nthano ikhale nthano, ya mudzi wopeka ndi anthu opeka, ndipo wowerenga adziwe kuti ndi nthano. Musaiveke malaya a umboni, musaiike pa nyumba yeniyeni imene ili ndi antchito enieni ndi anansi enieni.

Foni imene mukufuna kukasakira nayo mizukwa usiku ili ndi nchito yabwino kuposa imeneyo masana. Holide ikubwerayi, pitani kwa agogo a kwa Mphamba, kwa Kapichila, kwa Zumwanda. Khalani pansi, perekani moni monga mwa mwambo, pemphani chilolezo, ndipo afunseni: munali kuti mu Ogasiti 1964? Ndani wa m'banja lathu anaumba njerwa za pa boma? Ndani anapita ku Harare kapena ku Joni osabwerako? Ena akana kulankhula, ndipo muwalemekeze. Ena alankhula mpaka batire kutha. Lembani maina molondola, m'Chitumbuka kapena m'Chinyanja monga anenera, tumizani kuno tiwerenge. Amene anali ndi zaka 15 mu 1964 lero apitirira zaka 75. Mzukwa wopeka mungaupeke chaka chilichonse, koma agogo amenewa sadikira.