Mbiri ya Malawi Ili M'makabati, Ana Akuloweza Manotsi

Phunziro la mbiri yakale m'sukulu zambiri za m'Malawi latsamira pa zinthu zitatu: buku limene kalasi yonse imalimbirana, manotsi amene aphunzitsi amalemba pa bolodi, ndi mapepala a mayeso akale a MANEB. Ku pulayimale mbiri inalowetsedwa m'phunziro la za chikhalidwe cha anthu, ndipo ku sekondale wophunzira akhoza kuitaya n'kulemba mayeso a Fomu 4 popanda iyo. Mnyamata kapena mtsikana amafika zaka 18, n'kupatsidwa mphamvu yosankha mtsogoleri wa dziko, asanagwirepo chikalata chenicheni cha m'mbiri ya dzikolo.

Chodandaulitsa n'chakuti zipangizo zilipo. Ku Zomba kuli National Archives, nkhokwe ya zikalata za boma imene inatsegulidwa mu 1947. Moto umene unapsereza maofesi a boma mumzindawu mu 1919 unawononga mapepala ambiri, koma otsala ndi amene anasonkhanitsidwa pambuyo pake ndi ochuluka: makalata a ma DC, milandu ya m'makhoti, nyuzipepala zakale ndi zolemba za mamishoni. Ku Blantyre kuli nyumba yosungira zinthu zakale ya Chichiri, ndiponso laibulale ya Society of Malawi m'nyumba ya Mandala yomangidwa mu 1882. Ku Mua kuli nyumba yosungira zinthu zakale ya Chamare, ku Karonga kuli mafupa a Malawisaurus, ku Dedza kuli zojambula za m'mapanga a Chongoni zimene UNESCO inaziika m'kaundula wake mu 2006. Amene amapondako kawirikawiri ndi alendo akunja ndi ochita kafukufuku. Mwana wa pa sukulu ya CDSS ya ku Nsanje kapena ku Chitipa amangomva maina.

Kusiyana kwa manotsi ndi chikalata kumaonekera bwino pa nkhani ya John Chilembwe. Manotsi amati anaukira azungu pa 23 Januwale 1915 chifukwa cha thangata, basi. Koma pali kalata imene Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu 1914, yodandaula kuti anthu akuda akutengedwa kukafera nkhondo imene sikuwakhudza. Palinso maumboni amene anthu anapereka ku bungwe lofufuza limene boma la atsamunda linakhazikitsa kuukirako kutatha, omwe katswiri wa mbiri John McCracken anawasonkhanitsa m'buku mu 2015. Wophunzira akawerenga zimenezi amayamba kufunsa: kodi akulankhulayu ndani, akuopa chiyani, nanga wabisa chiyani? Mbusa amene akupereka umboni pamaso pa anthu omwe angopachika anzake salankhula zonse.

Chimodzimodzinso za pa 3 Malichi 1959 ku Nkhata Bay. Lipoti la bungwe lofufuza la Devlin linati asilikali anapha anthu 20 pa doko, pamene anthu a m'deralo amatchula chiwerengero choposa pamenepo. Mphunzitsi wofulumira amasankha nambala imodzi kuti ana aloweze. Mphunzitsi wokhala ndi zipangizo amaika nambala zonse patebulo n'kufunsa chifukwa chimene zikusiyanirana. Luso limeneli ndi lomwelo limene munthu amafunika akalandira uthenga wa pa WhatsApp wonena kuti zisankho zaberedwa, kapena akamva nduna ikuwerenga ziwerengero za chimanga pa wailesi.

Apa ndi pamene mbiri imakumana ndi maphunziro a unzika. M'dziko muno maphunziro amenewa amabwera ngati mvula ya nyengo: chisankho chikayandikira, magalimoto a zimkuzamawu amazungulira m'misika kuphunzitsa anthu kuchonga pa pepala, kenako zii. Bungwe la NICE, limene linayamba mu 1999, layesetsa ndithu, ndipo lili ndi maofesi m'maboma momwe anthu angawerengemo mabuku ndi nyuzipepala. Koma bungwe limodzi silingagwire ntchito imene sukulu zalephera kugwira m'zaka 12 zimene mwana amakhala m'kalasi. Kuchonga n'kosavuta. Chovuta n'kudziwa ntchito ya khansala, kusiyana kwake ndi ya phungu, njira imene ndalama za CDF zimadutsa, ndi kuti lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza zikalata za boma, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020, limalola munthu wamba kufunsa khonsolo momwe yagwiritsira ntchito ndalama. Dziko lino linakhala lopanda makhansala kuchokera mu 2005 mpaka 2014, ndipo anthu sanachite phokoso lalikulu. Munthu salirira chinthu chimene sanauzidwe kuti n'chake.

Nkhani zophunzitsira unzika n'zosasowa, ndipo si zakale kwambiri. Kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 Malichi 1992, riferendamu ya pa 14 Juni 1993, imfa za Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga ku Mwanza mu 1983, ndende ya Mikuyu kumene Jack Mapanje anatsekeredwa kuyambira 1987 mpaka 1991, chigamulo cha khoti cha pa 3 Febuluwale 2020 chofafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti. Aphunzitsi ena amazilambalala poopa kunenedwa kuti akuchita ndale m'kalasi. Manthawo n'ngomveka, koma mankhwala ake ndi chikalata chomwe: mphunzitsi amene wagawa makope a kalata ya maepiskopi sakufunikanso kunena maganizo ake.

Mbali ina, yakuti ophunzira azigwira ntchito yothandiza dera lawo monga gawo la maphunziro, ili ndi mbiri yowawa. Thangata inali ntchito yaulere. M'nthawi ya chipani chimodzi kunali Youth Week, pamene achinyamata ankalambula misewu ndi kuumba njerwa, ena mofuna, ena poopa ayufi ndi apayoniya. Mpaka lero m'sukulu zambiri kutchetcha udzu ndi kukumba dzenje ndi chilango cha wochedwa. N'zosadabwitsa kuti mawu akuti ntchito yodzipereka amamveka ngati msampha.

Komabe pali ntchito imodzi imene ophunzira angagwire yomwe palibenso wina akuigwira mokwanira: kulemba zimene okalamba a m'midzi yawo akukumbukira. Munthu amene anali ndi zaka 20 mu 1959 tsopano wadutsa zaka 85. Amene anaona njala ya 1949 atsala owerengeka. M'midzi muli abambo amene anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela boma lisanaimitse ulendowu mu 1974, a Mboni za Yehova amene anathawa kwawo mu 1972, ndi mabanja a ku Ntcheu, Dedza ndi Nsanje amene anagawana minda ndi othawa nkhondo ya ku Mozambique. Samuel Ntara analemba Mbiri ya Achewa pomvetsera akuluakulu, wopanda foni yojambulira mawu imene lero ili m'thumba la mphunzitsi aliyense. Kalasi ya Fomu 3 ikhoza kufunsa agogo khumi pa teremu, atavomera okha, n'kusiya kope lina pa sukulu, lina kwa amfumu, lina ku Zomba.

Ena adzati ndalama palibe. Basi yopita ku Chongoni imafunadi mafuta, koma kabuku ka zikalata 30 zosankhidwa bwino, zomasuliridwanso m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, sikangagwetse bajeti ya Unduna wa Maphunziro. Akatswiri okonza silabasi ali ku Domasi, mtunda waufupi kuchokera pamene zikalatazo zikusungidwa. Chotchinga chenicheni ndi mayeso, chifukwa chimene sichibwera pa mayeso sichiphunzitsidwa. Unduna wa Maphunziro ndi MANEB apereke gawo la malikisi a phunziro la mbiri ku kafukufuku wa m'dera la wophunzira, ndipo National Archives ndi Malawi Institute of Education atulutse kabuku ka zikalata kofika pa sekondale iliyonse, ntchitoyi iyambe mboni za 1959 zikadali moyo.