Gitala Sagula ndi Maso

Pali matenda ena amene agwira oimba athu m'tauni muno, ndipo tiyeni tiwatchule dzina lake lisanade. Matendawa ndi ogula gitala ngati tikugula malaya a Khirisimasi. Mnyamata wavutika kusunga ndalama miyezi yambirimbiri, kaya ndi kwaya yapatchalitchi yasonkherana mpaka amayi kugulitsa mandasi, tsiku lofika akalowa m'sitolo ku Limbe kaya ku Lilongwe, n'kungoloza gitala yonyezimira kuposa zonse, yofiira psuu, amvekere: "Ndikufuna iyo!" Kuiliza ayi, kuimvetsera ayi. Pakangotha sabata ziwiri ndiye madandaulo: mawu ake ngogontha, zala zatupa, ukaichuna apa yasokonekera apo. Akuluakulu adanena kale kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma ife timangoti mwambiwu ngonena za banja basi.

Ine mfundo yanga ndi imodzi: gitala yosalumikiza kumagetsi amagula ndi makutu. Utoto suimba. Dzina lolembedwa kumutu kwake siliimba, ndiponso masiku ano dzina amatha kungomata. Ngakhale mtengo wokwera suimba.

Nanga chimaimba n'chiyani? Tatengani waya mumange pakati pa mitengo iwiri, mumukoke ndi chala. Mumva kaphokoso konga ka udzudzu. Nsambo payokha ilibe mphamvu yokankha mpweya. Pagitala, nsambo ikanjenjemera imagwedeza kathabwa kaja idamangirirapo, kathabwako n'kugwedeza thabwa lonse lapamwamba, lija lili ndi chibowo, ndipo thabwali ndilo limakankha mpweya mpaka mawu kufika m'khutu mwanu. Aliyense amene adaonako oimba ng'oma akuwamba chikopa pamoto akudziwa kale zimenezi: cholira ndi chikopa, mtengo wosemawo ndi nyumba yake chabe.

Izitu si nkhambakamwa. M'chaka cha 1862, mmisiri wina wa ku Spain, Antonio de Torres, yemwe adakonza maonekedwe a gitala ya nsambo zofewa imene tikuidziwa lero, adapanga gitala yomwe kumsana ndi m'mbali mwake adagwiritsa ntchito mapepala olimba omata, koma pamwamba n'kuika thabwa labwino. Ankafuna kuonetsa anthu kumene mawu amachokera. Gitalayo amaisunga m'nyumba ya zinthu zakale za oimba ku Barcelona. Nanga ife tikamasisita kumsana kwa gitala n'kumati "koma ndiye yasalala," tikufufuzako chiyani?

Thabwa lapamwambali limakhala lopyapyala, mamilimita atatu osakwana kapena pomwepo, ndipo lilipo la mitundu iwiri. Lina ndi thabwa lenileni, la mtengo wopepuka koma wolimba monga spruce kapena cedar. Lina ndi pulaiwudi, timatabwa tomatikiza ndi guluu. Thabwa lenileni limanjenjemera momasuka, mawu ake amatuluka okwanira ndipo amakhalitsa asanazime. Pulaiwudi guluu amaimanga, mawu ake amafa msanga. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta: suzumirani m'mphepete mwa chibowo chija. Mizere ya mtengo ikapitirira kuchoka pamwamba mpaka kunsi, limenelo ndi thabwa lenileni. Mukaona timagawo tosanjikizana ngati masamba a buku, imeneyo ndi pulaiwudi. Mukapeza kuti m'mphepetemo adapakamo utoto wakuda bii, dzifunseni kuti akubisa chiyani.

Ndisanamizire pulaiwudi. Imapirira dzuwa la mu Okutobala, chinyontho cha dzinja ndi kuthithikizana kwa m'minibasi kuposa thabwa lenileni, lomwe limatha kung'ambika likauma kwambiri. Gitala ya pulaiwudi kumsana ndi m'mbali koma ya thabwa lenileni pamwamba ndi yabwino ndithu kwa munthu wa thumba lochepa. Chimene ndikukana ndi kulipira ndalama za nyama n'kulandira mafupa. Ndikukananso vanishi wokhuthala ngati galasi, amene ambiri amathamangira chifukwa amadzionerapo nkhope. Ameneyu amatsamwitsa thabwa monga mmene bulangeti ingatsamwitsire ng'oma.

Bodza lachiwiri ndi lakuti gitala yaikulu ndiyo yabwino. Gitala ya thupi lalikulu imene yadzaza m'masitolo amaitcha dreadnought, dzina la sitima yankhondo ya ku Britain. Kampani ya Martin ku America idayamba kuipanga mu 1916, n'kudzaitulutsa m'dzina lake mu 1931. Ndi yamphamvu pa mawu a besi, ndipo imathandiza munthu wokhwapula nsambo zonse pamodzi pakati pa gulu loimba mokweza. Koma kwa woimba ndi zala, nsambo imodziimodzi, gitala yocheperapo nthawi zambiri imatulutsa mawu olongosoka, mawu aliwonse pamalo pake. Kumbukirani kaimbidwe ka malemu Daniel Kachamba wa ku Chileka, yemwe adatisiya mu 1987. Pagitala imodzi mumamva besi, mumamva kugunda kwa nyimbo, mumamvanso nyimbo yeniyeniyo, ngati akuimba anthu atatu. Kaimbidwe kotere kamafuna gitala yolekanitsa mawu. Phokoso ndi mawu abwino ndi zinthu ziwiri zosiyana. Chitini nachonso chimasokosa.

Tsono muyese bwanji? Pitani ndi mnzanu wodziwa kuimba, poti safunsa adadya phula. Iye aziliza, inu muime chapatali, chifukwa gitala imaponya mawu kutsogolo ndipo woimba samva zomwe omvera akumva. Lizani nsambo iliyonse pa kachitsulo kalikonse ka pakhosi, mumve ngati penapake pakunyenyeka ngati ntchentche yatsekeredwa m'botolo. Dinani nsambo pa kachitsulo ka nambala 12: mawu ake akhale omwewo a nsambo yosadina, kungoti okwera. Akasemphana, gitalayo simudzaichuna n'kukhutira mpaka kalekale. Pamalo omwewo, mpata wa pakati pa nsambo ndi kachitsulo ukhale mamilimita awiri kapena atatu. Pensulo ikalowapo bwinobwino, ibwezeni pakhoma pomwe mwaitenga. Yang'anani khosi lake monga mmene kalipentala amayang'anira thabwa, ndi diso limodzi, muone ngati lapindika. Pomaliza yesani kulowetsa kapepala pansi pa kathabwa komangirapo nsambo. Kakalowa, dziwani kuti guluu wayamba kale kugonja.

Za nsambo nazo tisazilambalale. Nsambo zisanu ndi imodzi zachitsulo zimakoka gitala ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 70, kuposa thumba la chimanga, usiku ndi usana. Za nayiloni zimakoka pafupifupi theka lake. Ndiye taonani nkhanza imene timachita: munthu kutenga gitala yopangidwira nayiloni n'kuimanga nsambo zachitsulo, ati kuti izimveka kwambiri. Imamvekadi, kwa miyezi yowerengeka. Kenako khosi lawerama, mimba yatupa, kathabwa kazuka. Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Enanso amanyoza gitala yosalakwa pamene nsambo zake zadzimbiri zikuoneka ngati adazimanga nthawi ya riferendamu ya 1993. Sinthani nsambo kaye musanaweruze.

Ndikudziwa zomwe ena muyankhe. "Iwe mlembi, zimenezo n'za anthu andalama. Kodi Allan Namoko sadagwedeze dziko lino ndi banjo yopanga pamanja?" Zoona, adaligwedeza, iye ndi Chimvu River Jazz Band yake ya ku Thyolo. Nawo a Madalitso Band afika mpaka ku Ulaya ndi babatoni wopanga okha. Koma chitsanzo chimenechi chikuikira kumbuyo ine, osati inu. Namoko anali wosaona. Utoto wa chida chake sukanamunyenga. Iye ankadalira khutu. Mnyamata wakumudzi akamapanga banjo amasankha chikopa, amagogoda chigubu, amakunga waya, kumvetsera, kumasula, kukunganso, mpaka chilire mmene akufunira. Umphawi si ugonthi. Ogontha ndife a m'tauni, amene tili ndi ndalama m'thumba koma makutu tidawasiya kunyumba.

Ena mukuti, "Aaa, ampulifaya ikonza zonse." Ikonza chiyani? Ntchito ya ampulifaya ndi kukuza zomwe mwaipatsa. Gitala ikakhala yosemphanitsa mawu, ampulifaya ingolengeza manyazi anuwo mpaka kutsidya kwa msewu. Chule ngakhale mutamupatsa maikolofoni sangasanduke mpheta. Komanso nanga magetsi akazima, monga amachitira kuno kwathu? Nanga pamaliro, pachinkhoswe chakumudzi, pakhonde madzulo? Gitala yamtunduwu ubwino wake wonse ndi wakuti imadziimira payokha. Agogo athu amene ankachokera nayo ku Joni ndi ku Harare, ataimangirira pamwamba pa sutikesi, adalibe waya wolumikiza pena paliponse, koma mudzi wonse unkavina.

Kwa inu eni masitolo, mawu ndi awa: gitala si buledi kuti muziikana kuigwiritsa. Wogulitsa amene akukukanizani kuiliza, amene waikulunga m'pulasitiki n'kumati "mukaimvera kunyumba," akukugulitsani mbuzi ili m'thumba. Tulukani, ndalama ndi zanu. Ngati zomwe muli nazo sizikukwanira gitala yabwino, dikirani pang'ono, kapena funafunani yogwiritsidwapo kale ntchito imene khosi lake lili chilili. Gitala yakale yokalikakalika koma ya thabwa labwino imaposa yatsopano yonyezimira imene ili bokosi chabe.

Wina anena kuti nkhani yaing'ono ngati imeneyi ndikuikuziranji. Si yaing'ono. Mwana akapatsidwa gitala ya nsambo zotalikirana ndi khosi, yocheka zala, yosachunika, saganiza kuti gitala ndiyo yoipa. Amaganiza kuti iyeyo ndiye alibe luso. Amaipachika pamsomali, fumbi n'kumaunjikana, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndi ana angati otere amene tawaluza, amene bwenzi lero akutisangalatsa monga achitira a Giddes Chalamanda kwa zaka zonsezi? Timadandaula kuti nyimbo zathu zangosanduka za kiyibodi ndi kompyuta, kuti oimba gitala enieni akutha. Koma ndife tomwe, makolo, atsogoleri a makwaya ndi eni masitolo, amene tikuika mabokosi opaka utoto m'manja mwa ana n'kumawatcha magitala.