Choyimbira chatsopano chiyesedwe pakati pa anzake

A Mkonzi,

Ndiloleni kadanga m'nyuzi yanu yokondedwayi kuti ndiyankhulepo pa kagulidwe ka zoyimbira m'makwaya ndi m'mabandi a m'mipingo mwathu. Ine ndimaphunzitsa kwaya kuno ku Bangwe, ndipo ndimayenda m'zikondwerero za makwaya ku Ndirande, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri. Zimene ndikuona kumeneko zikundidetsa nkhawa.

Akhristu amasonkha ndalama movutikira. Amayi ogulitsa mandasi ndi tomato amapereka pa Pepa Sande, achinyamata amakagwira maganyu, mpaka ndalama zakwana. Kenaka komiti imatuma munthu mmodzi kapena awiri ku Limbe kukagula gitala kapena kiyibodi, ndipo kawirikawiri otumidwawo ndi msungichuma ndi mkulu wa mpingo amene sanagwirepo nsambo chibadwire. Iwo amayang'ana mtengo, kuwala kwa utoto ndi kukula kwa phokoso. Chikafika ku tchalitchi ndi pamene zimadziwika kuti gitalayo sagwirizana ndi banjo imene ilipo kale, kapena kuti akayichuna imamasuka nyimbo isanathe. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Mfundo yanga ndi imodzi: choyimbira chimene chikukalowa m'gulu chiyesedwe pamodzi ndi gululo ndalama isanatuluke m'thumba. Kukoma kwa choyimbira pachokha ndi nkhani ina, kumvana kwake ndi anzake ndi nkhani inanso.

Tengani chitsanzo cha bangwe, choyimbira cha makolo athu chimene dzina lake likufanana ndi la dera lathu lino. Ndi thabwa lokhala ndi nsambo zingapo, ndipo amaliika pa chikho kapena chitini kuti mawu akule. Hugh Tracey, amene anayambitsa nkhokwe ya nyimbo za mu Africa yotchedwa International Library of African Music m'chaka cha 1954, anajambula oyimba bangwe m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950. Bangwe ndi wokoma zedi, koma mwini wake amamuchuna potsata mawu a pakhosi pake, osati potsata gitala. Mukamuika pambali pa kiyibodi osayamba mwagwirizanitsa, mawu amakangana. Sikuti bangweyo ndi wolakwika, koma kuti anapangidwira munthu woyimba yekha.

Vutoli si lathu lokha. Ku mapiri a Appalachia m'dziko la America kuli choyimbira chotchedwa mountain dulcimer, cha nsambo 3 kapena 4, chimene amachigoneka pamiyendo poyimba. Mayi Jean Ritchie a ku Kentucky, amene anamwalira mu 2015, ndiwo anachitchukitsa. Poyamba chinali choperekeza mawu a munthu mmodzi panyumba, ndipo timawaya topingasa pakhosi pake sitinkapereka manotsi onse monga pa gitala. Anthu atayamba kuyimba m'magulu, amisiri anawonjezera kawaya kena pakati pa ka nambala 6 ndi ka nambala 7, ndipo oyimba ambiri anazolowera kuchuna nsambo zawo pa D, A ndi D kuti azimvana. Onani kuti anzathuwo anasintha choyimbira pofuna kuti chilowe m'gulu.

Kuno kwathu tili ndi aphunzitsi abwino pa nkhaniyi. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, amene katswiri wa nyimbo Gerhard Kubik anakumana nawo mu Blantyre mu 1967, ankayimba kwela ndi gitala, chitoliro, besi ya nsambo imodzi ndi maseche. Allan Namoko wa ku Thyolo, amene anali wosaona ndipo anatisiya mu 1995, anagwedeza dziko ndi Chimvu River Jazz Band pogwiritsa ntchito mabanjo ndi ng'oma zopanga pamanja. Palibe chodula pa zonsezi. Chinsinsi chinali chakuti choyimbira chilichonse chinkadziwa malo ake, china pansi, china pakati, china pamwamba, osaphimbana.

Tsono ndikupempha makomiti kuti atsate zinthu zinayi izi.

Choyamba, dzifunseni kuti gulu lanu likusowa mawu ati. Ngati muli kale ndi magitala awiri, wachitatu sawonjezera kanthu. Mwina chosowa ndi besi, ndipo mmisiri wodziwa angakupangireni babatoni wa nsambo imodzi pa mtengo wotsika.

Chachiwiri, popita kogula mutenge woyimba weniweni, choyimbira chimodzi chimene muli nacho kale, ndi anthu awiri a kwaya, wa mawu okwera ndi wa mawu otsika. Muyimbe nyimbo ziwiri kapena zitatu m'sitolo momwemo. Wogulitsa amene akukana zimenezi musiyeni, mupite kwina.

Chachitatu, gitala ndi banjo muziyese khosi lonse. Dinani nsambo pa kawaya ka nambala 12: mawu ake ayenera kufanana ndi a nsambo yosadina, kungoti okwera. Akapanda kufanana, choyimbiracho chidzasemphana ndi anzake masiku onse ngakhale mutachuna chotani. Onaninso ngati khosi silinapindike ndiponso ngati zopotokola zochunira zikugwira.

Chachinayi, ganizirani za mawa. Kodi nsambo zake zimapezeka? Alipo wokonza pafupi? Magetsi akathima pakati pa mapemphero, kapena mukapita kukayimba pa maliro kumudzi, mudzatani? Kwa abale athu a m'midzi funso limeneli ndiye loyamba.

Ena anena kuti kiyibodi imathetsa mavuto onsewa poti imayimba pa kiyi iliyonse ndipo simasowa kuchuna. Zoona, ndipo ine sindidana nayo. Koma taonani zimene zikuchitika m'matchalitchi ena: mnyamata mmodzi adina batani, ng'oma ndi besi zonse zichokera m'bokosi, oyimba ng'oma ndi maseche akhala pansi, ndipo mpingo sukumvanso mawu a nyimbo chifukwa cha mkokomo. Kiyibodi nayonso iyesedwe ndi kwaya, ndipo woyiyimba aphunzire kutsitsa mawu.

Abusa, ansembe ndi akulu a mpingo, inu ndinu mumavomereza kuti ndalama zituluke. Musanasaine, funsani funso limodzi lokha: kodi oyimba achimva choyimbirachi pamodzi ndi zinzake? Akati ayi, ndalamayo ibayamba yadikira sabata ina. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo thukuta la akhristu lisathere pa chinthu chokasungidwa m'kabati.

Mphunzitsi wa kwaya,
Bangwe, Blantyre.