Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, nanga chikakhala pamwamba pa masitepe?

Abale anga a m'gulu lino, sabata ino mpata mwandipatsa ine, ndiye mundipirire. Ine si katswiri wolemba ngati enanu. Sukulu ndinalekeza Folomu 4, ndipo ndimagulitsa tomato, anyezi ndi nandolo m'misika ya kuno ku Phalombe. Koma zonse zimene mumaika muno ndimawerenga, ndipo lero ndili ndi za kukhosi.

Mwezi wathawu munali ndakatulo zitatu zokamba za munthu wolumala. M'zonse zitatuzo munthuyo anali khale m'mbali mwa msewu, dzanja lili m'mwamba kupempha. Ndemanga zake zinali za chisoni zokhazokha, tizithunzi ta misozi mbwee. Panalibe ndi mmodzi yemwe wofunsa kuti kodi lamulo la dziko lino limati chiyani za munthu ameneyu. Chisoni chanucho n'chabwino, koma sichinatsegulepo chitseko cha ofesi iliyonse.

Pa msika wina umene ndimapitako sabata iliyonse, benchi yanga inayandikana ndi ya achemwali ena amene amagulitsa matemba a ku Chilwa. Anadwala poliyo ali mwana, ndipo amayenda pa njinga ya olumala. Sapempha munthu. Ana awo atatu akuwaphunzitsa ndi matemba omwewo. Wodula chiphaso akamadutsa m'mawa sawadumpha, amalipira ndalama yofanana ndi yanga. Koma chimbudzi cha pamsikapo chili ndi masitepe anayi ndi kakhomo kopapatiza. Ndiye tsiku la msika achemwaliwa samwa madzi kapena thobwa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, ngakhale mu Okutobala kutentha kuja. Tangoganizani. Ndalama yawo imalowa m'chimbudzimo, koma mwini ndalama sangalowemo.

Izi si zongofuna chifundo ayi. Ndi mlandu, chifukwa lamulo lilipo. Ndipo lamulolo silinagwe ngati mvula.

Mu 1971 dziko lino linapanga lamulo limene linakhazikitsa bungwe la MACOHA. Maganizo a nthawi imeneyo anali akuti wolumala ndi munthu womuthandiza, womuphunzitsa ntchito zamanja, basi. Za ufulu wake sizinkamveka. Mu 1999 mabungwe a anthu aulumali anagwirizana n'kupanga FEDOMA, kuti osaona, osamva, oyenda pa njinga ndi ena onse azilankhula ndi mawu amodzi. Anthu ngati a Mussa Chiwaula, amene anatsogolera bungweli zaka zambiri, anatha nthawi yawo akugogoda m'maofesi a nduna ndi kwa aphungu. Mu 2009 boma linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali. Mu 2012 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali, kaya kusukulu, kuchipatala, pantchito kapena polowa m'malo amene anthu onse amalowamo. Mu 2024 kwabwera lina latsopano, ndipo MACOHA ija tsopano ndi MACODA. Kuchokera 1971 kufika 2012 ndi zaka 41. Amene anakankha mwala umenewu ndi eni akewo, osati ife a misozi.

Onaninso abale athu achialubino. Pamene anthu oipa anayamba kuwasaka ngati nyama, bungwe lawo la APAM silinakhale chete. Linafuula mpaka dziko lonse lapansi linamva, ndipo mu 2016 aphungu anakhwimitsa zilango. Mu 2021 a Overstone Kondowe, amene anakhalapo mtsogoleri wa APAM, anapambana chisankho chachibwereza ku Nkhotakota n'kukhala phungu woyamba wachialubino m'dziko muno. Mmodzi wa iwo anakakhala pamene malamulo amapangidwira. Kodi m'ndakatulo zathu zija munthu wotere ali kuti?

Tsono funso langa ndi ili: malamulo onsewa alipo, nanga bwanji achemwali anga akukhalabe ndi ludzu tsiku lonse?

Yankho langa likwiyitsa ena, koma ndinena. Nkhondo ya lamulo inapambanidwa ku Lilongwe, ndipo komweko inatsakamira. Lamulo likasainidwa kumakhala misonkhano ya m'mahotela, matisheti, zikwangwani ndi alawansi. Pa 3 Disembala, tsiku lokumbukira anthu aulumali, akuluakulu amalankhula zokoma, wina amapatsidwa njinga kamera ili tcheru, kenako aliyense kwawo. Koma chimbudzi cha pamsika sachimangira mu hotela. Amachikambirana mu komiti ya chitukuko ya m'mudzi, n'kupita ku ADC, n'kukafika kwa makhansala, kenako kontirakita amabwera ndi simenti yake. M'njira yonseyi, ndi kangati pamene pamakhala munthu woyenda pa njinga kapena wosamva wokhala ndi womumasulira chinenero cha manja? Pamene palibe mwini nkhani, womanga amaika masitepe chifukwa iye miyendo ali nayo. Sachita dala. Amangoiwala, ndipo palibe womukumbutsa.

Wina anena kuti Malawi ndi wosauka, tiyambe tathana ndi njala ndi feteleza, za olumala zibwera pambuyo. Pepani, ine ndimagwira ndalama tsiku ndi tsiku, ndipo ndikudziwa kuti simenti youmbira masitepe anayi ndi yomweyo ingapange potsetsereka podutsa njinga, bola wina anene nyumba isanamangidwe. Chodula n'kugumula pambuyo. Komanso anthu amenewa si ochepa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pa anthu 10 aliwonse a zaka 5 kupita m'tsogolo, mmodzi ali ndi ulumali, anthu opitirira 1.5 miliyoni. Achialubino okha anapezeka 134,636. Njala imene mukuti tiyambe tathana nayoyo imayambira kuluma iwowa.

Ife a ku Phalombe tinaziona ndi maso mu Marichi 2023, namondwe Freddy atabwera. Makolo athu ankatiuza za napolo wa 1991 wochokera m'phiri la Michesi, ife tinaona wathu. Madzi akamabwera usiku anthu amakuwa kuti thawani. Wosamva amva bwanji? Woyenda pa njinga athawa bwanji m'matope ofika m'chiuno? Achemwali anga anaberekedwa ndi mwana wa mlongo wawo, njinga inapita ndi madzi. Kumsasa kumene tinasungidwa, ufa ukabwera amene ankalandira msanga ndi amphamvu zokankhana pamzere. Iwo ankadikira pansi mpaka wina awakumbukire. Amene analemba dongosolo la kagawidwe sanali anthu oipa. Kungoti pa tebulo lawo panalibe munthu ngati achemwaliwa.

Ndisadzionetse woyera, inenso ndinalakwapo. Tsiku lina tinapita ku komiti ya msika kukadandaula za chimbudzi chija. Ine ndi pakamwa panga pothwapa ndinangoyamba kulankhula, eti kuwathandiza. Ndinati amayiwa ndi ovutika, muwamvere chisoni. Anandigwira chitenje n'kunena kuti, "Amake mwana, khalani pansi. Pakamwa panga sipanalumale." Ndiye anatulutsa ziphaso zimene anasunga m'kajumbo, mulu wake ndithu, n'kuziika patebulo. Anafunsa funso limodzi: ndalama izi zagwira ntchito yanji kwa ine? M'chipindamo munangoti zii. Ndinachita manyazi, koma ndinaphunzira. Ntchito yanga sinali kuwalankhulira. Inali kukankha njinga kuti afike pakhomopo, n'kukhala kumbuyo kwawo kuti a komiti aone kuti sali okha.

Chimbudzicho mpaka lero sichinakonzedwe. Anatiuza kuti nkhaniyo aitumiza kumtunda. Ife tabwererako kawiri, ndipo tipitanso. Tsopano tilipo 14, kuphatikizapo bambo wina wosaona wogulitsa mphasa ndi mnyamata wachialubino amene benchi yake ili padzuwa popanda denga. Chimene tikufuna panopa si chimbudzi chokha. Tikufuna mpando umodzi mu komitimo ukhale wa munthu waulumali wosankhidwa ndi anzake.

Ndiye inu a m'gulu lino, amene muli ku Karonga, ku Dedza, ku Nsanje ndi kwina konse, ndikupempha zitatu. Choyamba, pitani pa sukulu, pa chipatala kapena pa msika wa kwanuko, muwerenge masitepe, mufunse amene amavutika nawo kuti akufuna chiyani. Chachiwiri, khansala kapena phungu wanu akabwera kudzaika mwala wa maziko, mufunseni pamaso pa anthu ngati njinga idzalowe m'nyumbamo, komanso kuti mu komiti yoyang'anira ntchitoyo muli waulumali ndani. Chachitatu, inu olemba, tatilemberani wolumala wokwiya, wotsutsa, wodziwa lamulo, wobwereketsa anzake ndalama ku banki m'khonde. Alipo, ine ndimakhala naye benchi yoyandikana.

Ndipo musaganize kuti nkhaniyi ndi ya ena. Kabaza mmodzi akagwa nanu pa msewu wa ku Chiringa, kapena shuga akakudyani phazi, masitepe anayi aja mudzawawerenga nokha. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Amene sakugwirizana nane alembe m'munsimu, ndiyankha madzulo ndikaweruka kumsika. Koma tizithunzi ta misozi tokha musandiikire.