Za M'dimba: Dziwe Lotha Madzi

Mwezi uno wa Seputembala, pamene dzuwa layamba kuwawa ndipo zitsime zilikuphwa, tamva madandaulo a anthu amene anakumba dziwe m'dimba mwao, lothiririra ndiwo ndi kuwetamo makumba kapena chilunguni. Alikuti, "Dziwe lathu labooka, tigule simenti timate." Koma ife titi, Taimani poyamba, pakuti ena anagulitsa mbuzi kuti amate dziwe limene silinabooke konse.

Tiyenera kukumbukira kuti m'nthaka muli madzi, omwewo amene timawapeza pokumba chitsime. M'dzinja madziwo amakwera kufikira pamizu ya udzu, ndipo m'malimwe amatsika. Tsono dziwe lokumbidwa pakati pa dambo lili ngati chitsime chachikulu: madzi a m'nthaka akakwera lidzala, akatsika nalonso litsika. Koma dziwe lomangidwa potsetsereka, lolandira madzi a m'ngalande, limasunga madzi chifukwa cha dongo la m'makoma ndi la pansi pake. Maiwe awiriwa sadwala nthenda imodzi, ndipo mankhwala ao ndi osiyana.

Kuti mudziwe dziwe lanu, chitani zinthu ziwiri. Choyamba, kumbani kadzenje kumtunda kwake, pa mtunda wa mamita 5, kakuya kulingana ndi dziwelo, ndipo mukaone m'mawa mwake. Mukapeza madzi a m'kadzenje ali pa msinkhu umodzi ndi a m'dziwe, natsikira pamodzi masiku otsatira, dziwani kuti dziwe lanu ndi la madzi a m'nthaka. Mukapeza kali gwaa, pamenepo dziwe lilikutayadi madzi. Chachiwiri, zikani ndodo m'dziwe, muikenso chidebe cha madzi pambali pake, ndipo mulembe chizindikiro pa zonse ziwiri. Zimene zachepa m'chidebe ladya ndi dzuwa. Zopitirira pamenepo yamwa ndi nthaka. Musapeputse kutsika pang'ono, pakuti dziwe la mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi likatsika masentimita 2 pa tsiku, lataya malita 2,000, ndiwo zidebe 100 za malita 20.

Dziwe la madzi a m'nthaka musalimate ndi simenti. Madzi ali ndi mphamvu yokankha kuchokera pansi, ndipo akakwera mita imodzi pamwamba pa pansi pa dziwe lopanda madzi, amanyamula ndi mphamvu ya makilogalamu 1,000 pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Simenti yopyapyala imang'aluka, ndipo pulasitiki woyala pansi amafufuma ngati mimba ya chule, nsomba n'kusowa pokhala. Mankhwala a dziwe lotere ndi khasu basi. Dikirani mwezi wa Okutobala, pamene madzi afika potsikitsitsa, mulikumbe kuti ngakhale nthawi imeneyo mutsale madzi ofika m'chiuno mwa munthu wamkulu.

Koma ngati dziwe lilikutayadi madzi, yendani m'mawa kuseri kwa khoma, mufune pamene pali chinyontho ndi udzu wobiriwira pakati pa wouma. Kawirikawiri olakwa ndi nkhanu, mfuko, chiswe, kapena mizu ya mtengo imene inaola nisiya njira. Kuthira dothi pakamwa pa unawo n'kugwira ntchito yachabe, pakuti madzi saiwala khwawa. Tsitsani madzi, ndipo mukumbe kangalande pakati pa khoma, kutsata unawo mpaka mutafika pa nthaka yolimba. Dongo loyenera amalidziwa ndi amayi oumba mbiya: mukalinyowetsa ndi kulipota ngati chingwe, lipindika osaduka. Thirani dongolo masentimita 15 okha, muwaze madzi, mutsendere ndi munsi kufikira litaleka kulowa, ndipo pamenepo muthire lina. Wothira lonse nthawi imodzi amalimbitsa pamwamba pokha.

Ngati madzi alowerera pansi ponse chifukwa cha mchenga, yalani dongo ndi kulipondaponda ndi mapazi monga tichitira poumba njerwa. Kumene dongo lisowa, yalani ndowe zaziwisi za ng'ombe, mufunditse masamba a nthochi, mukwirire ndi dothi ndi kutsendera. Pakapita masabata 2 kapena 3 zimaola ndi kutseka timipata ta nthaka. Mukatha, lowetsani madzi pang'onopang'ono, ndipo musalole dongo kuuma pa dzuwa, pakuti likang'aluka ntchito yonse yapita. Dziwe lomata likakhala ndi kasupe kumtunda kwake, kumbani ngalande yozungulira, muikemo miyala, kuti madzi a m'dzinja alambalale natulukire kumunsi, angagumule khoma.

Ntchito imeneyi si ya munthu mmodzi. Itanani anansi, ndipo mawa mudzawathandize nawonso. Mitengo ikuluikulu ikhale kutali ndi khoma, ndipo tiana tating'ono tisasewere tokha m'mbali mwa dziwe lozama. Mwezi wa mawa tidzakamba za kudyetsa nsomba gaga ndi masamba a m'dimba. Tsalani bwino nonse.