Kunyezimira kwa Mphete Si Umboni wa Siliva

Alimi a fodya a ku Bolero ndi ku Hewe m'boma la Rumphi akagulitsa mbewu yawo, nyengo ya maukwati imayamba, ndipo malonda a mphete, ndolo ndi zibangili amayenda bwino. Wogulitsa amangoti, "Uyu ndi siliva weniweni, bambo," wogula n'kupisa m'thumba. Maganizo anga ndi akuti mawu akuti siliva tawalekerera mpaka ayamba kutanthauza chitsulo chilichonse choyera, ndipo amene akupwetekeka ndi wogula amene wakhetsa thukuta chaka chonse.

Choyamba tidziwe kuti siliva wosasakaniza ndi wofewa kwambiri, kotero kuti mphete yake siichedwa kupindika. Pachifukwa ichi amisiri amamusakaniza ndi chitsulo china, kawirikawiri kopa. Pa magawo 1,000 alionse, magawo 925 amakhala siliva ndipo 75 otsalawo ndi chitsulo cholimbitsacho. Ameneyu ndiye amatchedwa sterling silver, ndipo n'chifukwa chake m'kati mwa mphete zambiri mumadindidwa nambala ya 925.

Mbiri ya ndalama ikutiphunzitsa kuti maso okha amanyenga. Pamene Robert Laws ankatsegula mishoni ya Livingstonia ku Khondowe mu 1894, mashilingi a ku Britain anali a siliva wa 925. Mu 1920 boma la Britain linatsitsa silivayo kufika pa theka, ndipo kuyambira mu 1947 linamuchotseratu n'kumagwiritsa ntchito kopa wosakaniza ndi nickel. Komabe shilingi inkaonekabe yoyera. Palinso chitsulo chotchedwa German silver chomwe mulibe siliva ngakhale pang'ono. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Chachiwiri, ambiri amaganiza kuti mphete ikada ndiye kuti ndi yabodza. Ayi ndithu. Siliva weniweni amada akakumana ndi sulfure wa mumpweya, m'mazira kapena mu anyezi, koma kudako kumakhala pamwamba pokha. Kuika mpheteyo m'madzi otentha othira soda wophikira, pamwamba pa pepala la aluminiyamu, kumabwezeretsa kuwala kwake. Mphete yongokutidwa ndi siliva ndiyo imasupuka, chitsulo chofiirira n'kuonekera. Ina imasiya chala chobiriwira, ina ya nickel imayambitsa zidzolo kwa anthu ena. Maginito amathandizanso: akakoka mphete, dziwani kuti si sterling. Koma akapanda kukoka musafulumire kusangalala, pakuti kopa nayenso sakokedwa.

Ena anganene kuti mphete ndi chizindikiro chabe, ndipo chikondi sichiyezedwa pa sikelo. Ndikugwirizana nawo. Palibe manyazi kuvala mphete yotsika mtengo, ndipo mabanja ambiri olimba adamangidwa popanda mphete n'komwe. Cholakwika ndi kulipira mtengo wa siliva pogula kopa. Kumeneko ndi kuba, monga mmene alili wogulitsa amene amabera pa sikelo ya nyemba.

Vuto lina ndi lakuti nambala ya 925 aliyense angathe kuidinda. Ku England adaliona kale vutoli, ndipo mu 1300 mfumu Edward I inakhazikitsa lamulo loti zinthu za siliva ziziyesedwa kaye zisanadindidwe chizindikiro. Kwathu kuno tili ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1972 ndipo limayendera masikelo a amalonda. Ndikuona kuti n'koyenera kuti bungweli liziyesanso mphete zogulitsidwa m'dzina la siliva, mpaka m'misika ya kumidzi.

Pomaliza, anthu a ku Rumphi si alendo pa nkhani ya zitsulo. Aphoka ankasungunula chitsulo m'ng'anjo zawo n'kusula makasu, ndipo khasu linkadziwika ubwino wake m'munda, osati pakamwa pa wogulitsa. Nzeru yomweyo itithandize lero. Musanapereke ndalama, funsani kuti mpheteyo ndi ya siliva yonse kapena yongokutidwa, ndipo pemphani kuti yankholo lilembedwe pa risiti. Wogulitsa akakana kulemba, wayankha kale. Paja safunsa adadya phula.