Mimba si matenda, koma chiuno chimawawa ndithu

Munthu akalawirira pa msewu wochoka m'tauni ya Milange kupita kuchipata cha Muloza amakumana ndi anyamata a njinga atasenzetsa matumba a chimanga ndi nandolo, akuthamangira msika wa kutsidya, ku Malawi. M'mbali mwa msewu womwewo mumadutsa amayi, ena ndowa pamutu, ena mitolo ya nkhuni za m'munsi mwa phiri la Tumbine. Pakati pawo sipalephera kupezeka mmodzi woyenda mosiyana ndi anzake. Mapazi akuponda pafupipafupi ngati pansi pali minga, miyendo yatangadza pang'ono, dzanja limodzi lagwira pachiuno. Mimba yake ili m'mwezi wachisanu ndi chitatu. Womulonjera amamva yankho lalifupi: “Tili bwino, koma chiunochi.”

Kunyumba, mawu amenewa sakhalitsa m'khutu la munthu. Apongozi amakumbutsa kuti iwo ankalima mpaka tsiku lochira. Bambo a mwana amati mimba si matenda. Onse awiri sakunama kwenikweni, chifukwa mayi wapakati si wodwala, ndipo kuyendayenda kumamuthandiza. Cholakwika n'choti mawu oti “mimba si matenda” asanduka chotsekera pakamwa, mpaka mayi amene akulephera kutembenuka pamphasa usiku amaopa kunena, kuti angatchedwe waulesi.

Ululu umenewu uli ndi gwero lake lodziwika bwino. Chiuno si fupa limodzi. Mafupa awiri aakulu a m'mbali amakumana kutsogolo, pachinena, ndipo kumbuyo lililonse limagwirana ndi fupa la kumunsi kwa msana. Ndiye kuti pali mfundo zitatu, zomangidwa ndi mitsempha yolimba monga luzi limagwirira nkhokwe. Mayi akaima, thupi limatulutsa mahomoni, monga relaxin ndi progesterone, amene amafewetsa mitsemphayo kuti tsiku lobereka njira ya mwana idzatseguke. Mpata wa pachinena, umene nthawi zonse umakhala wa mamilimita 4 kapena 5, umawonjezekera ndi mamilimita ena 2 kapena 3. Pa nthawi yomweyo thupi la mayi likulemera, kawirikawiri ndi makilogalamu 10 mpaka 12 pofika kumapeto, ndipo kulemerako kwakokera kutsogolo. Nkhokwe imene luzi lake lafewa, koma chimanga chikuthiridwabe, imayamba kulira ndi kupendekera mbali imodzi. Chiuno nacho chimatero.

Bungwe la madokotala a amayi la ku Britain, Royal College of Obstetricians and Gynaecologists, limati mayi mmodzi mwa asanu oyembekezera amamva ululu wa mtunduwu. Ndi vuto la amayi a dziko lonse lapansi, ngakhale amene sanagwirepo khasu. Limadziwika ndi nthawi imene limabwera: poima ndi mwendo umodzi povala, pokwera chitunda, podumpha ngalande, potembenuka pogona, ndiponso potangadza miyendo pokwera njinga ya kabaza. Ena amamva kuthetheka pachinena akamayenda. Kwa ena ululu umayambira m'thako n'kutsikira kuseri kwa ntchafu. Mwana m'mimba sizimukhudza, akukula bwinobwino. Wovutika ndi mayi yekha.

Kusiyana kwa mayi wa ku London ndi wa ku Majaua, kuno m'boma la Milange, kuli pa zimene chiuno chofewacho chimasenza tsiku ndi tsiku. Ndowa ya malita 20 ikadzaza ndi makilogalamu 20, ndipo kulemera konseko kumatsika ndi msana n'kukathera pa mfundo zitatu zija. Khasu lathu ndi la mpini waufupi, munthu amalima atawerama, akupotokola chiuno pa mzere uliwonse. Mwana wa zaka ziwiri amafunabe kunyamulidwa, ndipo amakhazikidwa mbali imodzi ya chiuno. Ndiye pali mtondo, pali kuchapa kumtsinje, pali nkhuni. Mayi amene mimba yake ikukhwima pakati pa Novembala ndi Januwale amakumana ndi zonsezi pamodzi ndi kubzala, kupalira ndi kubandira, nthawi imene banja lililonse limati manja achepa. Odziwa za vutoli amatchula ntchito yolemetsa, kuvulala kapena kupweteka kwa msana kwakale, ndi kubereka kangapo ngati zina zimene zimalikulitsa. Kuno amayi ambiri zitatu zonsezi ali nazo.

N'chifukwa chake mankhwala enieni a chiuno chotere sali m'botolo. Mu 2016 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo atsopano a sikelo, ndipo pa ululu wa msana ndi chiuno linatchula kulimbitsa thupi pang'onopang'ono, thandizo la akatswiri owongola mafupa ndi minofu, komanso lamba wogwira chiuno. Akatswiri oterowo kumidzi ndi osowa, lamba wa kusitolo ndi wodula, koma kapulana, nsalu ya chitenje ija, ili m'nyumba iliyonse. Ikapindidwa n'kumangidwa molimba m'munsi, kuzungulira mafupa a chiuno pansi pa mimba, osati kufinya mimba yeniyeniyo, imagwira mfundo zija kuti zisagwedezeke poyenda. Pogona, mayi agonere cham'mbali, pakati pa mawondo aike bulangete lopinda, ndipo potembenuka mawondo aziyendera pamodzi. Kugonera cham'mbali kumathandizanso mwana, chifukwa kugona chagada miyezi yomaliza kumapanikiza mitsempha ikuluikulu ya magazi. Povala akhale pansi. Pa njinga akhale cham'mbali, miyendo yonse mbali imodzi. Kuthowa kumunsi kwa msana ndi nsalu ya madzi ofunda kumachepetsa ululu. Kugona tsiku lonse si kwabwino, minofu imafooka ndipo chiuno chimaumirapo. Chofunika n'kuyenda pang'ono, kupuma, n'kuyendanso, wopanda katundu.

Mawu oti “wopanda katundu” ndi amene amavuta, chifukwa madzi sadzibweretsa okha. Wina ayenera kunyamula ndowa imene mayi waitula.

Pamene banja lakana kugawana ntchito, mayi amafuna njira yachidule, ndipo njirayo ili pamsika. Mbali zonse ziwiri za malire, pa tebulo la wogulitsa sopo ndi machesi pamapezekanso Brufen, Diclofenac ndi Indocid, mapiritsi amene alimi amawakonda akatopa ndi ganyu. Kwa mayi wa mimba yaikulu ndi oopsa. Amatha kutseka msanga kamtsempha ka pafupi ndi mtima wa mwana kamene kamayenera kutsekeka akabadwa, ndiponso amasokoneza impso zake mpaka madzi a m'chiberekero kuchepa. Wogulitsayo sadziwa zimenezi, ndipo safunsa. Paracetamol, pa mlingo umene anamwino anena, ndiye amene amaloledwa. Palinso ngozi ina ya kumudzi komweko: achikulire akaona mayi akubuula ndi chiuno masiku angapo, amaganiza kuti matenda ayamba koma akuchedwa, n'kumupatsa mankhwala azitsamba ofulumizitsa, amene kutsidya kwa Muloza amatchuka ndi dzina loti mwanamphepo. Azachipatala akhala akuchenjeza kwa zaka zambiri kuti mankhwala otere amatha kukokanitsa chiberekero mopyola muyeso mpaka kung'ambika.

Za miyendo nazo zili pawiri. Kukokana kwa katumba pakati pa usiku n'kofala m'miyezi yomaliza. Kumawawa kwambiri koma kumatha, makamaka munthu akawongola mwendo n'kukokera zala za phazi chakumtunda. Mapazi onse awiri kutupa pang'ono madzulo, n'kuphwa m'mawa, n'kwachizolowezi. Koma mwendo umodzi wokha ukatupa, n'kumatentha ndi kuwawa pougwira, nkhani yasintha. Mimba imachititsa magazi kuundana msanga, kanayi kapena kasanu kuposa nthawi zina, ndipo mbulu wa magazi umakonda kukhala mumtsempha wakuya wa mwendo wakumanzere. Ukachoka pamenepo n'kukafika m'mapapo, munthu amatha kufa mwadzidzidzi. Mwendo wotero si wosisita kapena kutema mphini. Ndi wopita nawo kuchipatala tsiku lomwelo.

Apa ndi pamene kunyalanyaza kumapha. Banja lozolowera kuyankha kuti “ndi mimba imeneyo” pa dandaulo lililonse lidzayankha chimodzimodzi tsiku limene ululu uli wa mtundu wina. Ululu wa mafupa a chiuno umabwera ndi kuyenda, n'kuchepa munthu akapuma. Umene umabwera n'kupita mwa nthawi yake, mimba n'kumauma, mwezi wachisanu ndi chinayi usanakwane, ungakhale kubereka masiku asanafike. Ululu wa m'mbali mwa msana wobwera ndi kutentha thupi kapena mkodzo wootcha ungakhale matenda a impso, ndipo m'dera la udzudzu ngati lino kutentha thupi kulikonse kwa mayi wapakati kumafuna kuyezetsa malungo. Kutaya magazi, kusweka kwa nsupa, mwana kusiya kugunda, mutu wosaleka pamodzi ndi kutupa nkhope kapena maso kuchita chidima, miyendo kuchita dzanzi mpaka mkodzo kutuluka wokha: chilichonse mwa izi si choyembekezera kuti kuche.

Kusikelo n'kumene kusiyanitsa kumeneku kumayenera kuchitika, ndipo malangizo a 2016 aja anakweza maulendo a sikelo kuchoka pa anayi kufika pa asanu ndi atatu. Koma wodziwa mzere wa tsiku la sikelo amadziwa mmene zimakhalira. Anamwino ali ndi amayi ambiri panja, ayeze kuthamanga kwa magazi, apime mimba, apereke Fansidar ndi mapiritsi owonjezera magazi amene kuno amati sal ferroso. Mayi naye amaona kuti kutchula chiuno n'kutayitsa nthawi ya anthu. Funso limodzi, loti “Nanga usiku mukugona bwanji, mayi?”, lingatsegule zambiri. Mayi nayenso anene osadikira kufunsidwa, ndipo aloze ndi chala pamene pakuwawa. Amene amayendera sikelo mbali zonse ziwiri, lero ku Mozambique mwezi wamawa ku Malawi, monga zimachitikira m'midzi ya m'malire, azinyamula makadi onse, kuti womupima aone zimene mnzake analemba.

Mtunda nawo uli m'nkhaniyi. Mayi amene akutsimphina lero sadzatha kuyenda makilomita ambiri usiku matenda atayamba, ndipo kukhala pa njinga m'misewu ya ku Mongue nthawi ya dzinja si masewera. Anthu a kuno sanaiwale Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anakokolola milatho ndi misewu mu Zambezia ndi ku Mulanje. Chipatala chachikulu cha boma lino chili m'tauni ya Milange. Kuyambira 2009 Unduna wa Zaumoyo wa Mozambique uli ndi ndondomeko ya nyumba zodikirira pafupi ndi zipatala, casa de espera, zimene kutsidya amati chidikiro. Mayi wa chiuno chowawa ndi mmodzi mwa oyenera kupitako msanga, ndipo phindu lina n'loti kumeneko khasu kulibe.

Ambiri amaopa kuti ululu wotere ukutanthauza mpeni. Si choncho. Amayi ochuluka a vutoli amabereka mwa njira ya masiku onse. Chofunika n'kuuza azamba a kuchipatala pofika, kuti asatangadzitse miyendo kupyola pamene mayi amatha. Akachira, ululu umachepa m'masabata kapena miyezi yochepa kwa ambiri, ngakhale kwa ena umakhalitsa, makamaka akabwerera msanga ku ntchito yolemetsa. Amene pakapita miyezi itatu akulepherabe kuyenda bwino abwerere kuchipatala.

Anyamata a njinga aja amatha kukankha matumba atatu a chimanga mpaka kumsika wa kutsidya wa Limbuli. Zigubu ziwiri za madzi kuchokera kumjigo sizingawakanike. Abambo a ku Milange, mayi akunyumba akanena kuti chiuno chikuwawa, akhulupirireni. Tengani njinga mukatunge madzi, munda wa chaka chino mupalire ndi abale anu, ndipo tsiku la sikelo muwaperekeze, mukamve nokha zimene anamwino anene.